Kampani Yakuitanani Kuti Mumvane, Apilu Ikali mu Khoti: Mutenge Olo Mulindile?

Kulibe munthu wa mu komboni amene saziba Please Call Me. Talk time yasila, bundle yasila, mu mobile money muli zero, manje chamene chasala ni kutinika ka code kaja kuti munzanu akutumileni foni. Bana ba sukulu baisebenzesa, ma conductor baisebenzesa, na baja bamene bamazionesa monga ma big buyer pa Friday, pa Monday ni beve boyamba kutuma. Koma kumbuyo kwa ka uthenga kaulele aka kuli mulandu wamene unadya zaka 17 mu makhoti ya ku South Africa. Mwamene unasilila muli nzelu ya aliyense amene asebenzela kampani, na aliyense amene ali na luso yamene kampani ingadyelepo, kaya ni woimba, DJ olo wojambula.

Mwine wa mulandu ni Nkosana Makate. Mu November 2000 anali munyamata wa zaka 24, akali kuphunzila nchito ya accounts pa Vodacom, ija network yamene foni yanu imayamba kugwila mukafika ku Nakonde olo ku Kasumbalesa. Chisumbali chake chinali ku yunivesiti, ndipo kambili sichinali na talk time. Apo ndiye pamene anaganizila vakuti munthu amene alibe talk time azikwanisa kutuma ka uthenga kopempha kuti bamutumile. Anapeleka nzelu iyi kuli ba boss bake, banamvana pakamwa kuti akapasiwa gawo yake ngati chinthu chayenda bwino, ndipo mu 2001 Vodacom inayamba Please Call Me. Chinthu chinayenda maningi. Gawo ya Makate siinabwele.

Mu 2008 anapeleka kampani ku khoti. Mu 2014 analuza ku High Court. Mu April 2016 Constitutional Court inamuwinisa, inakamba kuti chipangano cha pakamwa chija chigwila nchito, ndipo Vodacom iyenela kukhala naye pansi kuti bamvane mutengo. Banalephela kumvana, so mukulu wa kampani, Shameel Joosub, ndiye anaika nambala: R47 miliyoni. Makate anakana. Banthu bambili panthawi ija banamuona monga wafuntha, chifukwa ni bangati pa ife bangabweze ndalama ya so?

Anabwelela ku khoti, ndipo mu February 2022 High Court ya ku Pretoria inaimilila kumbali yake. Vodacom inachita apilu. Mu February 2024 Supreme Court of Appeal inakamba kuti apasiwe pakati pa 5% na 7.5% ya ndalama zamene Please Call Me inangenesa pa zaka 18. Vodacom yeka inakamba kuti iyo ingafike pakati pa R29 biliyoni na R63 biliyoni. Pa Facebook banthu banayamba kale kumusankhila ndeke yogula. Koma pa 31 July 2025 Constitutional Court inafafaniza chiweluzo chija chonse, ati majaji sibanayangane bwino nkhani zamene zinali pamaso pabo, mulandu ubwelele ku Supreme Court of Appeal ukamveke futi na majaji benangu. Mabiliyoni ya pa pepa yanasowa mu siku imozi.

Manje apa ndiye pali nkhani yathu ya lelo. Apilu inali yoti imveke mu November 2025. Kukali masiku yang'ono kuti bangene mu khoti, Vodacom inalengeza kuti bamvana na Makate kunja kwa khoti, apilu yachosedwa, mulandu wasila. Nambala banaisunga mwachisinsi. Munthu amene anakana R47 miliyoni, amene analimba zaka zonse izi, pa last anasankha kusaina m'malo molindila majaji futi. Kuchokela pa siku yamene analemba nzelu yake kufika pa siku yosaina, panapita zaka 25.

Funso yamene Makate anakumana nayo siili chabe ya banthu ba mabiliyoni. Security guard amene banamuchosa nchito mosasatila lamulo, driver wa truck amene sanapasiwe ma benefits yake, woimba amene nyimbo yake yamveka mu advert popanda chilolezo, bonse aba bangafike pamalo yamozi. Mwawina ku khoti yoyamba, kampani yachita apilu, ndiye loya wa kampani atuma foni ati tiyeni tikambe. Makolo banatisiyila miyambi ibili yamene imenyana pa nkhani iyi. Wina ukamba kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Winangu ukamba kuti fodya wako ni uja ali pamphuno, wa pachala ni wa mphepo. Yonse ibili ni yazoona, vuto ni kuziba kuti lelo ni siku ya mwambi uti.

Chiweluzo chili pa apilu si ndalama

Choyamba kumvesa ni ichi: nambala yamene jaji walemba, ngati mbali inangu yachita apilu, ikali fodya wa pachala. Kuno kwathu tili na chisanzo chobaba. Mu 2006 manzi ya poizoni yochokela ku mugodi wa Konkola Copper Mines yanangena mu Kafue, banthu ba ku Chingola banadwala. James Nyasulu na banthu benangu 2,000 banapeleka KCM ku khoti. Mu 2011 High Court inabawinisa, inalamula kuti bapasiwe K10 biliyoni ya ndalama zakale, kutanthauza K5 miliyoni munthu umozi, yamene ni K5,000 pa ndalama zamene tinayamba kusebenzesa mu 2013. Kampani inachita apilu. Mu 2015 Supreme Court inavomeleza kuti KCM inalakwa, koma inachosa nambala ija, chifukwa pa gulu yonse ni banthu 12 chabe bamene banali na mapepa ya ku chipatala. Banawina kuti kampani ni yolakwa, koma ndalama yamene banali bapenda kale mu mitu inachoka.

Yanganani manje gulu inangu ya ku Chingola kwamene kuja. Banthu 1,826 ba mu minzi ya Shimulala, Hippo Pool, Hellen na Kakosa banapeleka KCM na kampani yamene inali mwine wake, Vedanta, ku khoti ya ku London mu 2015. Vedanta inalimbana kuti mulandu usamveke ku England, apilu pamwamba pa apilu, mpaka mu April 2019 Supreme Court ya ku UK inakamba kuti ungamveke. Zaka zinayi zinapita pa funso imozi chabe ya khoti yamene izamvela mulandu, nkhani ya manzi yeve ikalibe na kuyamba. Mu January 2021 banamvana kunja kwa khoti, banthu opitilila 2,500 banangena mu chipangano, ndipo kampani siinavomele kuti inalakwa. Aba banatenga ndalama koma sibanamve jaji akamba kuti kampani ni yolakwa. Baja ba Nyasulu banamva mau ya jaji koma nambala inathawa. Sankhani mweka kuti ni gulu iti yamene inagona bwino.

Na ku nyimbo ni chimozimozi. Rapper wa gospel wa ku America, Marcus Gray, wozibika na zina ya Flame, anapeleka Katy Perry, banzake bolemba nabo nyimbo na kampani ya Capitol Records ku khoti mu 2014, ati Dark Horse inatenga ka chuni ka mu nyimbo yake Joyful Noise. Mu 2019 anawina $2.78 miliyoni. Mu March 2020 jaji anafafaniza chiweluzo chija, ndipo mu March 2022 khoti ya apilu inavomelezana na jaji. Zaka eyiti mu khoti, anachokamo manja lende. Woimba wa ku Chawama olo ku Matero amene alota vakuti siku ina azadyela kampani ikulu ayenela kuziba na nkhani iyi, osati chabe za baja bamene banawina.

Tiyeni tipende

Tikambe kuti ndimwe bamene banakuchosani nchito, ndipo khoti yakupasani K300,000. Izi nambala ni zongopanga kuti tione mwamene masamu yayendela. Kampani yachita apilu, ndiye yabwela ati tengani K180,000 mwezi uno, tisilize. Mutima uzakuuzani kuti bafuna kukudyelani K120,000. Koma funsani loya wanu kuti mwayi wowina apilu uli bwanji, ndipo mumuuze kuti akambe chilungamo, asakusekeleleni chabe. Ngati akamba kuti ni hafu hafu, ninshi ija K300,000 pa sikelo ya lelo ilema monga K150,000, chifukwa mungatenge yonse olo mungachoke na zero. Chosanimo ndalama ya loya ya apilu, ma transport yoyenda ku khoti, masiku yamene simuzasebenza. Mu milandu yambili woluza amalipila na ma costs ya munzake. Mwaona kuti K180,000 ija yayamba kuoneka bwino?

Manje sinthani nambala imozi. Ngati loya akamba kuti kampani ilibe pogwila, apilu ni yochedwesa chabe, mwayi wanu uli pa 9 mwa 10, ninshi chiweluzo chanu chilema K270,000. Apo K180,000 ni manyozo, ndipo mungabauze kuti babwele na nambala ya ulemu. So yankho siili mu mutima olo mu vamene banzanu bakamba pa bar. Ili mu kulimba kwa mulandu wanu, ndipo kulimba uku kumachokela ku mapepa: contract, ma payslip, kalata yochosedwa nchito, ma report ya ku chipatala, ma message. Kumbukilani baja 12 ba ku Chingola.

Chinangu chamene banthu baibala ni nthawi. Kwacha siimalindila jaji. Mu 2011 dola imozi inali pafupi na K5 pa ndalama za manje, mu 2024 inapitilila K25. Khoti ingaike interest pa ndalama yanu, koma landlord, sukulu ya bana na saka ya unga vonse vifuna cash mwezi uno. Ngati kulindila kutanthauza kuti muzangena mu kaloba kuti mudye, ninshi bamene bazadya chiweluzo chanu ni ba kaloba. Ndipo kampani nayo ingagwe mukali kulindila. KCM yamene ija inaikidwa mu provisional liquidation mu May 2019. Kampani ikafika apo, munthu amene ali na chiweluzo amangena pa line pamozi na bonse bamene bafuna nkongole zabo, ndipo line ija siimayenda monga ya pa ATM.

Zibaninso kuti kuno ku Zambia apilu payeka siimaimika chiweluzo. Kampani iyenela kupempha khoti padela kuti kulipila kuyambe kwaima, chamene maloya baitana stay of execution. Ngati sibanaipeze, muli na mphamvu yofuna ndalama yanu apilu ikali kuyenda. Funsani loya wanu pali ichi mukalibe kukhala pa tebulo, chifukwa chimasintha mutengo.

Nabo ba kampani bali na mantha

Osaganiza kuti kampani ikabwela kukamba za kumvana ninshi yakumvelani chifundo. Nayo yapenda. Vodacom ili pa stock exchange ya ku Johannesburg, ndipo eni ma shares sibakonda kumvela kuti pali mulandu wamene ungadye mabiliyoni olo ungadye zero, kulibe amene aziba. Chiweluzo cha khoti ikulu chimakhala lamulo yamene benangu bazasebenzesa mailo, pamene chipangano cha chisinsi chimasilila pa munthu umozi. Na zina ya kampani imadetsedwa nthawi iliyonse mulandu ukabwela mu nyuzi. Ndiye chifukwa chake milandu yambili imasila pakhomo ya khoti, siku ya apilu ikafika pafupi. Pa nthawi ija bonse babili baona kuti bangaluze, ndipo munthu amene aopa kuluza amakamba mutengo wa nzelu.

Apa ndiye pamene ine niona kuti Makate anaseba bwino bola yake. Mu 2019 anali na chiweluzo cha Constitutional Court m'manja, chamene kulibe khoti inangu ingachifafanize, chokamba kuti ayenela kulipilidwa. Funso inasala inali ya zingati chabe. Kukana R47 miliyoni panthawi ija kunali kudekha kwa munthu amene aziba kuti pansi pake ni polimba. Mu 2025 vinthu vinasintha. Chiweluzo cha mabiliyoni chinali chafafanizidwa, majaji banyowani banali kubwela, ndipo aliyense woluza akanathamangila futi ku Constitutional Court, zaka zinangu pamwamba. Munyamata wa zaka 24 anali manje mudala wa pafupi na 50. Kudekha kunali kwagwila nchito yake, kunakweza mutengo na kubwelesa kampani pa tebulo. Kupitiliza kuchokela apo kukanakhala njuga.

Pali banthu bamene bazakamba kuti ndalama si vonse, ndipo nibamvela. Ngati banakunamizilani kuba pa nchito, mufuna zina yanu iyele, chifukwa kulibe kampani inangu izakulembani na mbili ya ukawalala. Ngati mulandu wanu uzathandiza banzanu 200 bamene bali na vuto imozi na imwe, chiweluzo chili na phindu yamene cheke siingagule. Ivo ni vifukwa vazoona volindilila apilu. Koma vikambeni poyela kuli ba m'nyumba mwanu, chifukwa ni beve bazamanga nanu mimba. Chamene sichili chifukwa ni ukali. Kufuna chabe kuti ba boss bamvele kubaba kumadula maningi, ndipo kambili ba boss baja bamakhala banachoka kale pa kampani, mulimbana na maloya bamene balipilidwa olo bawine olo baluze.

Mukasankha kusaina

Kumvana kunja kwa khoti nako kuli na misampha yake. Chipangano chikhale cholemba, ndipo chipelekedwe ku khoti kuti chikhale consent order yosainidwa na jaji, kuti kampani ikayamba vozemba mukhale na pogwila. Makate anavutika zaka zonse zija chifukwa chipangano chake choyamba chinali cha pakamwa, osabweleza ivo pa chipangano chosiliza. Muzibe kuti consent order mukasaina ni yovuta maningi kuisegula futi, so belengani mau yalionse, maka maka yaja yokamba kuti iyi ni full and final settlement. Yatanthauza kuti simuzabwela futi kufuna leave pay olo gratuity yamene munaibala kupenda.

Pepa ikambe siku yolipila, osati chabe mau yakuti posachedwa. Ngati bazalipila pang'ono pang'ono, ilembe chamene chizachitika bakalumpha mwezi. Ikambe amene azalipila maloya, ikambe ngati nambala ija ni ya musonkho usanachoke olo utachoka kale, ndipo ikambe kuti apilu ichosedwa liti. Ngati muli mau ya chisinsi, yasungeni, chifukwa post imozi pa Facebook ingakubwezeni ku khoti. Boimba, yanganani ngati mulipilidwa chabe pa vamene banasebenzesa kale olo mugulisa nyimbo yonse mpaka muyaya. Ivo ni vinthu vibili vosiyana, ndipo mutengo wake siufanana.

Zibaninso bamene bazadya nanu. Makate atangomvana na Vodacom, kampani inangu yamene ikamba kuti inaika ndalama mu mulandu wake inathamangila ku khoti kufuna 40% ya vamene anapasiwa. Aliyense amene anakukongozani ndalama ya loya, aliyense amene munalonjeza kuti nikawina nizakuona, azabwela. Pendani vamene vizasala mu thumba yanu mukachosa bonse aba, iyo ndiye nambala yoyanganapo.

Ndipo osayenda mweka. Iyi page si ofesi ya loya. Ngati mulibe ndalama, kuli Legal Aid Board, bazimai kuli National Legal Aid Clinic for Women, ba union bali na banthu babo, ndipo boimba bangayambile ku ZAMCOPS. Milandu ya nchito imayenda ku Industrial Relations Division ya High Court, ndipo makhoti yathu yali na mediation, kwamene munthu wapakati amakuthandizani kumvana mukalibe kusila ndalama. Masiku yochitila apilu ni yobelengeka, so kalata ya ku khoti siyoika pansi pa matilesi.

Ngati loya wa kampani akutumilani foni mwezi uno, osayankha pamene apo, olo nambala imveke bwino bwanji. Mupempheni alembe. Tengani pepa ija, khalani pansi na loya wanu na ba m'nyumba, mupende vinthu vinayi: mwayi wowina, zaka zolindila, ndalama yamene izapita mu njila, na chamene chizachitika pa nyumba ngati mwaluza. Ngati mungaluze apilu na kupitiliza kudya, ndipo mapepa yanu ni yolimba, lindilani olo bakwezeni mutengo. Ngati kuluza kutanthauza kuti bana bachoka pa sukulu na katundu yaikidwa panja, tengani yamene ili pa tebulo mukalimbana kuti ikwele pang'ono, ndipo osamvela nsoni. Baja bamene bazakusekani kuti mwagulisa mulandu sibazakulipililani rent olo mwezi umozi.